Koloko ya ku Fakitale ya Mabatani

A Mawotchi anafika mumzinda Lachisanu masana, chikwama cha zovala kudzanja lamanzere, kabokosi ka zida kudzanja lamanja. Dzina lawo lenileni linkadziwika ndi abusa okha. Ena onse, ngakhale malemu akazi awo akakwiya, ankangoti a Mawotchi, chifukwa kwa zaka makumi anayi ndi zitatu anakhala pakhonde la sitolo ina, kagalasi kali padiso, akuukitsa mawotchi akufa.

Anawaitana ndi mwana wawo wamkazi, namwino pachipatala china chachikulu. Pafoni anati, "Bambo, mudzaone mzinda. Mubwerenso ndi kabokosi kanu kaja, kuno kuli akatswiri akufuna kukaona."

A Mawotchi sanabadwe dzulo. Ankadziwa kuti ana awo anakhala upo. Chiyambire pamene dzanja lawo linayamba kunjenjemera mpaka tiyi kumatayikira m'sosala, anawo ankaimba nyimbo imodzi: bambo asiye ntchito, asamukire mumzinda, azikhala pampando wofewa n'kumaonera kanema. Chotchinga chinali kabokosiko. Aliyense ankadziwa kuti tsiku limene kadzachoke m'manja mwawo, pakhonde paja sadzabwererapo, ndipo malinga kali m'manja, palibe mpando wofewa umene ungawagwire.

Loweruka m'mamawa, atapemphera, namwino anatulutsa pepala.

"Lero tikaona nyumba zosungiramo zinthu zakale, zimene amati myuziyamu zija. Koma osati zikuluzikulu zodzaza alendo ayi. Ndasankha ting'onoting'ono tobisika, timene ngakhale eni mzinda satidziwa."

"Nanga ngati eni ake satidziwa, ife tikukatisokonezeranji?"

"Bambo, valani jekete."

Yoyamba inali myuziyamu ya maloko. Inali pamwamba pa shopu yomata matayala, ndipo kuti ufikeko unkakwera masitepe amdima onunkha labala. Anafika ali wefuwefu, n'kupeza chitseko chili chotseka. Pachitsekopo panali kapepala kachikasu ndi ukalamba, kolembedwa kuti, "Tibwera posachedwa."

Womata matayala anawakuwira ali pansi. "Musavutike kugogoda, akuluakulu! Mwini wake anatsekera kiyi m'kati momwemo. Mwezi wachitatu uno akudikira wodziwa kuthyola."

"M'katimo muli chiyani?" anafunsa a Mawotchi.

"Makiyi okhaokha, madala. Akuti zikwi zitatu."

A Mawotchi anasuzumira pabowo la loko, dzanja layamba kale kufufuza kopanira m'kabokosi, koma mwana wawo anawakoka mkono. "Tabwera kudzaona, Bambo, osati kudzagwira."

Yachiwiri inali ya maambulera. Usiku wa dzulo lake kunagwa mvula, ndipo denga la nyumbayo linkadontha malo asanu ndi limodzi. Maambulera onse anali atawapinda bwinobwino m'makabati agalasi, ouma gwa, pamene pansi panali mabaketi ndi beseni zikulandira madontho. Wowaonetsa malo anali bambo wa tayi yofiira amene analoweza mawu ake ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. Ukamudula ndi funso ankatseka maso, n'kuyambiranso pa "Takulandirani." A Mawotchi anamufunsa kawiri, ndipo analandiridwa katatu.

Namwino anaima pa ambulera ina yakuda ya chigwiriro cha nyanga. "Mwaona, Bambo? Iyi inagwira ntchito yake zaka zambiri. Tsopano ikupuma mwaulemu, anthu akubwera kudzaigomera. Si zabwino zimenezi?"

"Ikupuma mvula ikuigwera pamutu?" anatero a Mawotchi. "Ine ndagomera baketi iyi, mayi. Ndi yokhayo ikudziwa chimene inabadwira."

Namwino anapinda pepala lake mwamphamvu.

Yachitatu anaipeza cha m'ma leveni, kuseri kwa depoti ya mabasi, m'kanjira kamene magalimoto awiri sangapatukirane. Kale inali fakitale ya mabatani. Pakhomo panakhala mlonda, nkhalamba ya msinkhu wawo womwewo, yovala yunifomu imene mwachionekere anaisokera munthu wonenepa. Anawalembetsa m'buku la alendo, ndipo a Mawotchi anaona kuti mlendo womaliza anabwera masabata awiri apitawo, n'kulemba m'danga la ndemanga kuti, "Ndinasochera."

Kenako kunatulukira mayi woyang'anira, magalasi ali patcheni, mulu wa makiyi uli m'chiuno. Anali mdzukulu wa mwini fakitaleyo, ndipo chiganizo chake chilichonse chinkayamba ndi "agogo anga." Agogo anga anagula makina awa. Agogo anga ankakhala pampando uwu. Agogo anga ankakonda antchito ngati ana a m'nyumba mwawo. Anawaonetsa mabatani a mabowo awiri, kenako a mabowo anayi, n'kufotokoza kuti kuchoka pa awiri kufika pa anayi kunali kusintha kwakukulu m'mbiri ya anthu.

"Koma inu, agogo, takukonzerani chapadera," anatero akumwetulira, n'kuwatsogolera pakona.

Pamenepo panali kabati yagalasi yopanda kanthu, yoyalidwa nsalu yobiriwira, kukula kwake kofanana ndendende ndi kabokosi kawo. Kachikwangwani kanali kataikidwa kale: "Zida za mmisiri wa mawotchi wa makedzana." M'munsi mwake munali chaka chimene a Mawotchi anabadwa, kenako kamzere, kenako danga.

"Danga ili ndi la chiyani?" anafunsa.

Mayiyo anakhosomola. "Ndi kalembedwe chabe, agogo. Timadzamaliza nthawi ikakwana."

"Bambo," anatero namwino motsitsa mawu, ndipo maso ake anali atafiira pang'ono, "sindikukuthamangitsani. Ndimaona manja tsiku ndi tsiku kuchipatala, ndikudziwa kumene zimenezi zimathera. Sindikufuna tsiku lina munthu adzakulalatireni pakhonde kuti mwamuwonongera wotchi. Zida zanu zikhale pano mwaulemu, anthu aziziona."

"Anthu ake ati? Osochera aja?"

"Khalani pansi muganize. Ife tikukalemba mafomu mu ofesi, inu mudzangosaina."

Mafomu ake anali atatu, ndipo iliyonse inkafuna chidindo chake. Amayi awiriwo analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Mlonda anapita kukathira madzi m'ketulo. A Mawotchi anakhala pabenchi m'chipinda cham'kati, kabokosi kali pamiyendo, n'kuyang'ana dzanja lawo likunjenjemera pachivundikiro ngati tsamba pamphepo. Anatseka maso. Sanapemphe zambiri. Anati, "Atate, Inu amene munapachika dzuwa ndi mwezi kuti zisunge nthawi, ngati yanga yakwana, ndipatseni mtima wosaina popanda kuwawidwa. Mwanayu akuchita mwa chikondi, ngakhale chikondi chake chili ndi chidindo."

Atatsegula maso, anazindikira chimene chinkawasowetsa mtendere chilowereni m'chipindamo. Munali zii. Pakhoma, patsogolo pawo penipeni, panapachikidwa koloko yaikulu ya thabwa lakuda, yaitali ngati mwana wa zaka khumi, cholendewera chake chili chilili, mivi itauma pa mphindi makumi awiri isanakwane folo. Kutsogolo kwake anamangako chingwe chofiira. M'munsi munali chikwangwani cha zilembo zing'onozing'ono.

Tsono apa tiyenera kuwamvetsa a Mawotchi. Pamoyo wawo wonse sanawerengepo zolembedwa kunja kwa wotchi. Kunja amalembako zodzitama: yosalowa madzi, yosatha, yochokera kutali. Mmisiri amawerenga matumbo. Ndipo wotchi yoima kwa iwo inali ngati munthu wogwa m'mbali mwa msewu, amene suyamba wafunsa kuti ndi wa mpingo uti. Anaona chingwe chija n'kuganiza kuti anachiika kuopa kuti koloko yowonongekayo ingagwere ana. Anachidumpha bwinobwino, anakoka mpando uja wa agogo ake a mayi, n'kukwerapo.

Atatsegula kachitseko ka m'mbali, anapukusa mutu. Palibe chinathyoka. Sipuling'i inali yamoyo, timawilo ta mano tonse tili tathunthu. Kunali fumbi chabe, ndi ulusi wa kangaude, ndi mafuta akale amene anauma ngati phula. Kiyi wake anali m'kati momwemo, atakolekedwa pakamsomali kobisika kuseri kwa belu.

"Zaka zonsezi," ananong'ona, "anthu akukudutsa, mwana wanga."

Anaika kagalasi padiso. Anatenga kaburashi, kenako nthenga, kenako kansalu. Pamene zala zawo zinagwira kopanira, kunjenjemera kuja kunaleka, monga kunkalekera masiku onse, chinthu chimene ana awo sanachionepo chifukwa ankangowaona pa nthawi ya tiyi. Ndi nsonga ya singano anadontheza mafuta malo asanu ndi awiri, akung'ung'udza nyimbo yakale ya chiyamiko imene ankaimba ndi malemu akazi awo kukwaya. Anaona kuti muvi waukulu unali wopindika, n'kuuwongola. Anaona kuti kanati kosinthira liwiro, kamene kamakhala pansi pa cholendewera, kanatsitsidwa mpaka kumapeto kwa mazinga ake, ndipo anadabwa, n'kukakweza pamalo pake. Anapukusa kiyi mpaka sipuling'i inakhuta, anayang'ana wotchi yawo yapamkono, anakankha mivi, n'kugunda cholendewera ndi chala chimodzi.

Thi. Tha. Thi. Tha.

Anatsika pampando, anaupukuta ndi mpango, n'kukhala pabenchi, mtima uli mbee. Patapita mphindi zitatu koloko inakoka mpweya ngati munthu wodzuka kutulo tatikulu, n'kuyamba kuimba thwelofu. Belu lake linali la fakitale, lopangidwa kuti limveke pakati pa makina makumi asanu. Magalasi a makabati ananjenjemera. Mabatani anavina m'mbale zawo.

Chitseko cha ofesi chinatseguka pa kugunda kwachinayi. Mayi woyang'anira anathamanga, chidindo chili m'manja, n'kuima pachingwe pakamwa pali yasa. Mlonda anafika ndi ketulo. Onse anadikira mpaka kugunda kwa khumi ndi chiwiri kutazirala.

"Mayo ine!" anakuwa mayiyo. "Mwachita chiyani? Mwandiphera myuziyamu!"

"Ndi fumbi chabe, mayi, musathokoze. Mphatso imeneyo."

"Mphatso? Werengani apa! Anamwino, awerengereni bambo anuwa!"

Namwino anawerama pachikwangwani, ndipo anawerenga mawu akumka nachepa: "Koloko iyi inaima yokha ndi chisoni pa mphindi imene mwini fakitale, tate wa antchito onse, anatsirizika. Chiimire tsiku limenelo palibe dzanja la munthu limene laikhudza."

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri!" anatero mayiyo akudziguguda pachifuwa. "Ana asukulu akabwera kuno mukuganiza amadzera mabatani? Batani aliyense ali nalo pamalaya! Amadzera chozizwitsa ichi!"

"Bambo," anatero namwino, manyazi atamugwira mpaka m'makutu, "simunawerenge?"

"Ndinawerenga m'kati, mayi." A Mawotchi anaimirira, anavula chipewa. "Pepani ndithu, ndalakwa kudumpha chingwe chanu, ndipo pa chimenecho mundikhululukire. Koma chisoni m'katimu sindinachipezemo. Koloko iyi ndi ya masiku asanu ndi atatu. Ukaipukusa imayenda sabata ndi tsiku, ukaileka imaima. Inaima ndi njala. Ndipo dzanja la munthu linaikhudza, chifukwa muvi uwu unapindika pokankhidwa chobwerera m'mbuyo ndi munthu wosadziwa."

Mlonda anasendera patsogolo, ketulo ili m'manja. "Wosadziwayo ndine, akulu."

Onse anatembenuka.

"A Mlonda, khalani chete," anatero mayiyo.

"Ndakhala chete zaka makumi atatu, mayi, pakhosi pauma. Ine ndinali woboola mabatani pamakina achitatu. Kiyi ameneyo ankapukusa abwana okha, wina kungoyandikira ndiye kuti ntchito yatha. Atamwalira palibe ankadziwa kumene ankabisa. Kolokoyi inayendabe, maliro onse inaimba nawo, n'kudzaima Lachinayi la sabata yotsatira, cha m'ma naini. Bambo anu ndi amene anandikweza pampando umenewu kuti ndibweze mivi ifike pa ola la imfa."

"Nanga kanati aka?" anafunsa a Mawotchi. "Anakatsitsa ndani? Mmene kanalilimu, koloko inkatsalira mphindi khumi ndi zisanu pofika madzulo. Pokhapokha ngati wina ankaikonza m'mawa uliwonse anthu asanafike."

Mlonda anaika ketulo pansi pang'onopang'ono. Anakhala pabenchi. "Abwana ankafika ndi mdima, okha, n'kudzitsekera muno. Ife timati akupemphera." Anawomba m'manja kamodzi. "Ndiye n'chifukwa chake basi ya faifi inkatisiya! Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tikutukwana dalaivala wosalakwa!"

"Agogo anga anali munthu woopa Mulungu!"

"Mwina anali, mayi," anatero a Mawotchi mofatsa. "Za mitima akaweruza ndi Mwini wake. Ine ndikunena za kanati."

"Imitsani! Imitsani pompano, muibwezere mmene inalili!"

"Kuimitsa sikufuna mmisiri. Gwirani cholendeweracho ndi chala, basi. Koma chala changa ayi."

Mayiyo anadumpha chingwe chake chomwe, anatambasula dzanja. Koma asanagwire, pakhomo panamveka mapazi. Analowa telala wa tsidya lina la kanjirako, tepi ili m'khosi. Analowa makondakitala awiri a kudepoti, ndi mayi wina wokalamba wa ndodo amene ankati anamva belulo ali pamzere wa basi, miyendo n'kumubweretsa yokha, poti anagwira ntchito pamenepa ali mtsikana. Pambuyo pawo panabwera ena, ndi enanso, mpaka m'chipindamo munadzaza anthu oposa amene analembedwa m'buku chaka chonsecho. Onse anayang'ana m'mwamba, akunong'onezana.

"Yadzuka!"

"Si ija inafa ndi bwana ija?"

Dzanja la mayi woyang'anira linatsika lokha. Anayang'ana khamulo, anayang'ana koloko, ndipo nkhope yake inasintha ngati ya munthu amene walandira vumbulutso. Anakokera a Mawotchi kukona, kuseri kwa kabati yopanda kanthu ija.

"Agogo," ananong'ona, "mwina Mulungu ndi amene wakutumani. Tingosintha chikwangwani. Tilemba kuti patatha zaka makumi atatu ndi ziwiri, koloko yadzuka yokha. Inu muzibwera kamodzi pa sabata, kudzera khomo lakuseri, tisanatsegule."

"Ndi mdima, ndekha, n'kudzitsekera muno?"

"Eya, mwamvetsa msanga."

"Ayi, mayi. Ndine mkulu wa mpingo, sindingachitire umboni wonama ngakhale koloko. Ngati mukufuna chikwangwani, lembani kuti nkhalamba ina yonjenjemera manja inaikonza ndi madontho asanu ndi awiri a mafuta."

"Zimenezo ndani angakwerere basi?"

A Mawotchi anapita kwa mlonda n'kumuika kiyi m'manja. "Akulu, muziipukusa Loweruka lililonse, mpaka mumve kuti yalimba, osakakamiza. Kanatiko musakakhudze. Mukapanda kutero, ichitanso chisoni."

Namwino anali ataima ndi mafomu atatu aja, awiri atadindidwa kale. Mayi woyang'anira anawatsomphola m'manja mwake.

"Bokosi limenelo lisagone muno," anatero mwaukali koma motsitsa mawu. "Anthu akaliona pafupi ndi koloko ayamba kufunsa mafunso. Tengani bambo anu, tengani zida zawo, ndipo m'buku la alendo musalembemo ndemanga." Atatero anatembenukira khamu lija, manja atatambasula. "Takulandirani nonse! Mwafika pa tsiku lodabwitsa. Agogo anga..."

Kunja dzuwa linali litatuluka. Anayenda mpaka pamalo odikirira basi, namwino patsogolo, bambo ake pambuyo ndi kabokosi kawo. Anakhala pabenchi yachitsulo. A Mawotchi ankadziwa kuti mlandu sunathe. Mzindawo unali waukulu, ndipo makabati opanda kanthu anali ambiri.

"Mwandichititsa manyazi, Bambo."

"Ndikudziwa, mayi."

"Milungu itatu ndakhala ndikuwanyengerera mayi amenewa."

"Pepa, mwana wanga."

Namwino anayang'ana kumbali. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo a Mawotchi anaganiza kuti akulira, mpaka anamva kuti ndi phwete. Anaseka mpaka misozi, akubwereza kuti, "Basi ya faifi!" Kenako anapukuta m'maso n'kutembenukira bambo ake.

"Tambasulani dzanja."

Analitambasula. Linanjenjemera monga mwa masiku onse.

"Ndiye munakonza bwanji?"

"Likagwira chitsulo limakhala bata. Sindidziwa chifukwa chake. Ndi chisomo, kapena ndi chizolowezi, kapena zonse ziwiri. Inu a chipatala ndi amene muli ndi mayina a zinthu."

Namwino anatsegula chikwama chake, anafufuza pansi penipeni, n'kutulutsa kawotchi kaunamwino, kaja amakoleka pachifuwa powerengera kugunda kwa mtima wa wodwala.

"Kanaima mwezi wachinayi uno. Ndinkakubisirani. Ndinkaopa kuti mukalephera mudzamva kuwawa, ine n'kuona."

A Mawotchi anakalandira ndi manja awiri. Anaika kabokosi pamiyendo, anatsegula, anaika kagalasi padiso. Mwana wawo anasendera pafupi, maso ali pa zala zawo osaphethira, monga amayang'anira wodwala amene wangotuluka kumene ku opaleshoni. Kopanira kanalowa m'matumbo a kawotchiko mosagwedera ngakhale pang'ono.

"Lolemba mukaonana ndi dokotala wa mitsempha," anatero namwino, maso akadali pomwepo. "Zimenezo sitikambirana. Lachiwiri ndikakukwezani basi yobwerera. Koma tsiku limene dzanjali lidzanjenjemere litagwira chitsulo, mudzandiimbire nokha, ndisadzamve kwa anthu."

"Ndidzakuimbira. Nanga achimwene ako aja, amene anagula kale mpando wofewa?"

"Amenewo ndithana nawo ine."

"Ndiye tasunthira uko pang'ono, mayi," anatero a Mawotchi. "Ukunditchinga kuwala."